Za Pamtondo Zinakamveka ku Durban

Randburg, 6 Okutobala 2024

Amayi,

Sindinaledzere tsiku limene lija. Ndiyambe ndi zimenezi, chifukwa mlongo wanga Laws wandiuza kuti Kawale yense, kuyambira pamsika mpaka pampopi, akuti mwana wa a Gwanda analedzera ku Durban n'kukwera pansanja. Ndinamwa tiyi m'mawa, madzi masana, basi. Amene akuti Azungu anandilipira nawonso akunama. Ndipo sindinasanduke woimba. Ntchito yanga ikadali yomwe ija, yosambitsa nkhalamba ya eni ake.

Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja ukutupabe? Ine ndili bwino. Abambo muwapatse moni ngati akulandira.

Ndalemba papepala dala. Foni ya pakhomopo amasunga Abambo, ndiponso ndaona mmene mawu a pafoni amayendera. Kalatayi ndapatsira Abdullah, dalaivala wa lole ya katundu uja. Ndamuuza akupatseni m'manja pabenchi panu kumsika, osati kunyumba.

Kanema amene anthu akutumizirana ndi wa mphindi ziwiri. Tsikulo linali lalitali, ndiye mumve kwa ine.

Abwana anaganiza zoti amayi awo, agogo amene ndimawasamala, akaone nyanja yamchere asanamwalire. Tinanyamuka ku Joni Lachisanu, maola asanu ndi awiri pamsewu, ine kumbuyo matewera a agogo ali pamiyendo. Loweruka m'mawa tinapeza amanga matenti m'mphepete mwa nyanja, kuli chikondwerero cha nyimbo zamakolo. Abwana ndi akazi awo anapita kukasambira. Ine anandisiyira agogo pampando wawo wamatayala, nati ndiwayendetse amveko nyimbo.

Ku Durban thukuta siliuma. Mphepo imabwera ndi mchenga mpaka m'mano. Nsanja zinali zitatu. Pa yoyamba panali Azulu a magitala, zikopa m'miyendo, akulankhula mothamanga pakati pa nyimbo ngati munthu wodziteteza pamlandu. Pa ina panali Asutu ofunda mabulangete dzuwa lonselo, akukoka kodiyoni. Kunali Amwenye ndi ting'oma tawo ta zala, kunalinso amayi a ku Mozambiki opaka zoyera kumaso, akuvina chogwada. Ntchito yawo amaidziwa, ndisaname. Agogo anagona tili pa gulu lachiwiri. Ndinagula chakudya cha kumeneko, buledi wobowola pakati wothiramo nyemba za tsabola, n'kudya choimirira. Mtengo wake ku Kawale mutha kugula nkhuku.

Cha m'ma thu koloko wolengeza anati tsopano tikupita ku Malawi. Ndinakankhira agogo komweko kuti ndione ndi ndani. Anali Chawanangwa. Mukumukumbukira, wamtali uja ndinabwera naye kunyumba tili kukoleji, anamaliza chigwada chonse n'kupempha china. Lero ndi dokotala wa zoimba, wa ndevu ndi malaya achitenje. M'kalasi ankakopera kwa ine.

Anaimba nyimbo ziwiri ndi gulu lake, bangwe ndi kaligo, zosadabwitsa. Kenaka anapempha anthu kuti akhale chete amve mawu a dziko lenilenilo. Anadina kompyuta. M'masipika aakulu ngati zitseko munamveka musi ukugunda mumtondo. Kenaka munthu anatsokomola. Amayi, chifuwa chanu ndingachizindikire ngakhale pakati pa msika. Ndiye munayamba:

Njinga ya kwathu yadziwa njira,
ikatuluka m'Kawale ilowera ku Mgona.
Ine ndikonole, ine ndipete,
ufa ukayera akadye ena.

Ndi ija ndinakujambulani kuseri kwa nyumba mu 2016 ndi kamakina ka kukoleji, mukukonola chimanga chochokera ku Dowa. Nditasiya sukulu, zonse zimene ndinajambula zinatsala komweko.

Gulu lake linalowetsa magitala pansi pa mawu anu. Anthu ankaomba m'manja motsatira musi. Itatha, Chawanangwa anafotokoza m'Chingerezi kuti imeneyo ndi nyimbo yothokoza zokolola, ya mayi wina wakumudzi wosadziwika dzina, amene iye anam'peza pa kafukufuku wake.

Ndinatseka mabuleki a mpando wa agogo n'kukwera. Anandiona ndili kale pa maiki.

"Tione? Iwe, tsika. Tikambirana kuseri."

"Kuseriko n'kumene unabera," ndinatero.

Ndinauza anthuwo kuti mayiyu ali ndi dzina, ndi Nachisale, mkazi wa a Gwanda, sakhala kumudzi koma ku Kawale mumzinda wa Lilongwe, ndipo anam'jambula ndine mwana wake. Ndinati nyimboyi si ya zokolola, ndi ya mwamuna amene ali ndi banja lina ku Mgona, kwa mayi wotchedwa Rachel. Ndinanena m'Chingerezi, kenaka ndinabwereza m'Chichewa kuti a m'gulu lake amvetse bwino. Sindinadziwe kuti kutsogoloko kunali Amalawi atakweza mafoni.

Palibe bodza limene ndinanena. Ndatumiza mafuta ophikira, sopo ndi mankhwala opaka mwendo. Mabuku anga a m'katoni Laws asawakhudze.

Ndine mwana wanu,
Tione

Randburg, 27 Okutobala 2024

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira mankhwala aja akuthandiza. Kuno kwayamba mvula ya matalala, ine ndili bwino.

Kalata yanu ndalandira, ngati mizere isanu ili kalata. Mwalemba kuti, "Ndinkaimbira musi, osati Azungu." Nanenso sindinapite nayo kwa Azungu. Anapita nayo ndi wandevu uja. Ine ndinangoika dzina pamene iye analichotsa.

Mwatinso Abambo awaimitsa pa ukulu wa mpingo mpaka bwalo litakhala. Bwalo likafufuza chiyani? Ndani mu Kawale sankadziwa kuti akaweruka ku Kanengo njinga imakhotera ku Mgona? Akuluakulu omwewo ena anali nawo pa chinkhoswe cha mng'ono wake wa Rachel. Laws ankadziwa ali Sitandade 5. Ine ndinadziwa bwino chaka chachitatu kukoleji, pamene fizi yanga inasowa mwezi womwe ku Mgonako anakhoma malata.

Koma mzere wanu womaliza ndauwerenga kangapo. Mwati nyimbo ija inkagwira ntchito yake. N'zoona, ndikukumbukira. Inu muli kuseri mukusinja, Abambo ali pakhonde akupopa matayala, mawu aliwonse akuwamva. Sankatembenuka. Koma sabata imeneyo ankafika dzuwa lisanalowe, ndi kanyama m'pepala, mwina n'kukwera padenga kukatseka podontha. Inu simunkanena kanthu, iwo sankafunsa kanthu. Zaka makumi atatu.

Lamulo lake ndikulidziwa, musandiphunzitse. Zoimba pamtondo sizikhala mlandu. Mwamuna amamva koma sanamve, ndipo akakwiya ndiye wavomera yekha. Ndinalemba zimenezi masamba khumi ndi awiri, mphunzitsi anawerengera kalasi yonse monga chitsanzo. Sindinalembe zimene zimachitika nyimbo ikachoka pamtondo n'kupita pa maiki, popeza panthawiyo palibe anali atandifunsa.

Mwafunsa za agogo. Pamene ndinkatsika pansanja paja, chipewa chawo chinali chitauluka ndi mphepo. Khungu la Azungu silichedwa kupsa ndi dzuwa. Anasupuka pamphumi ndi m'manja, koma achira. Abwana kanemayo anamuona, popeza dona wina wa kutchalitchi kwawo analipo. Sananene zambiri. Akhala akundifunsa za mapepala anga okhalira m'dziko muno, chinthu chimene sanafunsepo zaka zinayi.

Nsinjiro musatsitse mtengo chifukwa choti anthu akubwera pabenchi kudzakuyang'anani. Wofuna kuona nkhope agule kaye.

Tione

Turffontein, 17 Novembala 2024

Amayi,

Muli bwanji? Ine ndadzuka. Chimfine chinandigwira koma chatha.

Muona kuti keyala yasintha. Ku Randburg tinasiyana ndi abwana. Musafunse, nanenso sindinawafunse. Ndikukhala ndi amayi atatu a ku Mangochi chipinda chimodzi, ndikuluka tsitsi pasaluni ya mayi wina wa ku Kongo. Zala zanga zikuphunzira. Mwezi uno katundu achepa, mafuta okha ndi shuga.

Laws wandifotokozera za ankhoswe. Akuti malume a Gilford anachoka ku Area 23 m'mamawa, atavala jekete la maliro lija, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango mpaka masana, Abambo osatuluka. Atatuluka ananena mawu amodzi okha, kuti mkazi amene wawaimba pamaso pa dziko lonse azipita kwawo ku Dowa. Malume akuti anayankha kuti, "Alamu, nyimboyi mwaimva liti koyamba?" Abambo anabwerera m'nyumba. Malume muwathokoze, sindinkadziwa kuti ali ndi pakamwa.

Ku Dowa mukapita kwa yani? Munachokako ndisanabadwe. Munda anagawana ana a mayi aang'ono, ndipo manda okha ndiwo angakulandireni. Njerwa za nyumba ya ku Kawale munasenza ndinu pamutu kuchokera kudambo, Laws ali kumsana. Zoti pepala la puloti lili m'dzina la Abambo, limenelo ndi pepala chabe. Musachoke. Akuti mukugona kukhitchini. Gonani komweko, koma musatuluke pageti ndi chikwama.

Ndamvanso kuti akabaza a pasiteji akumaimba nyimbo ija Abambo akamadutsa, ena akuliza belu motsatira. Zimenezo sindinawatume. Laws akuti Abambo tsopano amayenda pansi, njinga ili m'chipinda chogona. Anandiuza mondiimba mlandu. Ndinamuyankha kuti ndi koyamba njinga imeneyo kugona pakhomo mwezi wathunthu, anthu akanandithokoza. Anadula foni.

Dimba lija mwabzala? Feteleza musadikire wa makuponi.

Mwana wanu,
Tione

Turffontein, 15 Disembala 2024

Amayi,

Landirani moni wa Khirisimasi usanafike, popeza Abdullah ulendo uno ndi womaliza chaka chino. Thupi lili bwino. Zala zatupa pang'ono, n'za ntchito.

Nkhani zilipo ziwiri, zinafika sabata imodzi.

Yoyamba, Chawanangwa anandipeza. Anafika pasaluni Lachitatu masana, nsapato zoyera, n'kukhala pa kreti ngati kasitomala. Ine ndinali pamutu pa munthu, sindinasiye.

"Unandivula pagulu, Tione."

"Unabwera wovula kale."

Anaseka, kuseka kwake kwa kukoleji kuja. Akuti zimene anapeza m'kabati ya kukoleji zinalibe dzina, zinangolembedwa kuti Lilongwe, pamtondo. Ndinam'funsa za zokolola. Anati anthu a kuno amakonda nyimbo zosangalatsa, ukawauza za mwamuna woyendayenda amaleka kuvina. Koma akuti akuluakulu a chikondwerero anam'khazika pansi, ndipo tsopano akufuna zinthu zilongosoke. Akutulutsa chimbale chaka chamawa. Pa nyimbo yanu alemba kuti woimba Nachisale wa ku Kawale, wojambula Tione Gwanda. Chofunika n'chakuti inu musaine fomu yovomera. Anatinso kusukulu kumene amaphunzitsa ku Durban kuli malo a munthu mmodzi wosanja nyimbo zakale, ndipo munthuyo amaloledwa kumaliza maphunziro ake. Sindinam'thokoze. Fomuyo ndaika m'kalata muno. Sainani pamene ndachonga.

Yachiwiri mukuidziwa. Laws wanditumizira zimene Abambo agwirizana ndi ankhoswe. Akuti ndijambule kanema wina, ndinene kuti ndinaledzera, kuti mawu aja si a mayi anga, sindinajambulepo nyimbo iliyonse, ndipo za ku Mgona ndinapeka chifukwa chokwiyira fizi. Kanemayo akaonetse kubwalo la mpingo. Zikatero iwo abwerera pampando wawo, inu mukhala m'nyumba.

Ndiye kuti anthu khumi ndi awiri akhala mozungulira foni, aliyense akudziwa kuti ndi bodza, n'kugwedeza mitu kuti nkhani yatha. Mawu anu ena mwa iwo akhala akuwamva pa kwaya ya amayi zaka makumi awiri.

Sindichita. Sukulu ndinaisiya ndili woyamba m'kalasi, ndasambitsa nkhalamba, ndikuluka tsitsi la anthu onunkha thukuta. Chinthu chimodzi chimene ndinachita bwino m'moyo uno ndi kujambula nyimbo ija, ndiye ndikaime n'kunena kuti sindinajambule? Ndikalowa ntchito ya ku Durban ndikupezerani nyumba yalendi, ya simenti, ya mpopi pakhomo. Abambo atsale ndi njerwa zawo.

Ndatumiza nsalu ziwiri ndi mpunga. Nsalu yobiriwirayo ndi yanu, musapatse munthu.

Tione

Turffontein, 2 Febuluwale 2025

Amayi,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale chakalamba kale. Ndakhala chete chifukwa nanunso munali chete. Komanso mu Januwale munali masiku anayi amene sindinagone kunyumba. Apolisi anabwera pasaluni ndi galimoto yawo, anatenga tonse amene tinalibe chowaonetsa. Ndinatuluka. Zatha, musauze Laws.

Phukusi lanu Abdullah wandipatsa dzulo. Nsinjiro ndi zabwino, zikomo. Ndaona kuti munakulunga mu fomu ija. Mafuta a mtedza alowerera mpaka pamene ndinachonga, moti ngakhale mutasintha maganizo singagwirenso ntchito. Ndikudziwa kuti mapepala okulungira simunasowe.

Abdullah akuti pabenchi sanakupezeni. Anafunsa amayi a tomato, anamulozera ku Area 23. Ndiye kuti munatuluka pageti ndi chikwama, pa 28 Disembala, ndipo palibe anandiuza. Akuti anakupezani kwa malume mukugona pamkeka m'chipinda chosungira makala, ndipo kumsika mumapita masiku atatu okha pa sabata, wapansi, chifukwa minibasi yakwera. Ndi mwendo umenewo. Akuti alamu anu, akazi a malume, amakhoma kabati ya ndiwo akamachoka.

Abdullah ndi munthu wosalankhulalankhula, koma dzulo anakhala pakhomo la saluni mpaka nditamaliza mutu wonse. Kenaka anati, "Achemwali, amayi anandipatsira mawu. Anati ndisawonjezere, ndisachotsere."

"Nenani."

"Akuti dzina lawo amalidziwa okha, safuna pepala lowakumbutsa. Akuti chimene akufuna ndi makiyi awo."

Ndinam'funsa ngati panali zina. Anati munangofunsa ngati ndikudya.

Nyumba yalendi ija simunaitchule n'komwe. Ndaganiza kuti mwina simunamvetse, koma ayi, munamvetsa. Inu mukufuna khitchini yanu yakuda ija, mtengo wa mango, ndi munthu wokhala pakhonde wonamizira kusamva. Ine sindikuona chokoma pamenepo. Koma amene wagona pa makala milungu isanu si ine.

Chawanangwa waimba kawiri kufunsa za fomu. Ndamuuza kuti ili m'njira.

Ndatumiza bulangete ndi nsapato zofewa. Nsapatozo muzivala, osasunga.

Tione

Turffontein, 9 Malichi 2025

Amayi,

Muli bwanji? Mvula kumeneko ikuti bwanji? Kuno kwayamba kuzizira m'mawa. Ndili bwino.

Pofika kalatayi mudzakhala mutamva. Ndinajambula Lachiwiri lapitalo, kuseri kwa saluni, pafupi ndi migolo ya zinyalala popeza ndi pokhapo popanda phokoso. Foni anagwira Abdullah. Ndinavala chitenje ndi duku monga analamulira Abambo.

Tinajambula katatu. Woyamba Laws anamubweza, akuti Abambo ati ndikuoneka ngati ndikuseka. Wachiwiri akuti Chichewa chake chinali chakusukulu kwambiri, anthu aganiza kuti ndikuwanyoza. Wachitatu ndinayang'ana pansi. Ndinati:

"Ine Tione Gwanda ndikupepesa kwa Abambo anga, kumpingo ndi kwa anthu onse. Tsiku lija ku Durban ndinaledzera. Mawu a m'nyimbo ija si a mayi anga, sindikumudziwa woimbayo, ndipo sindinajambulepo nyimbo iliyonse. Zina zonse ndinapeka."

Ndi masekondi makumi atatu. Abdullah atatsitsa foni anafunsa ngati ndikufuna madzi. Ndinam'funsa ngati ndaoneka ngati chidakwa chenicheni. Anati iye za mowa sadziwa.

Laws akuti kanemayu akuyenda msanga kuposa woyamba uja. Amayi a tomato akuti ankadziwa kale, maso anga ankaoneka ofiira. Mayi wina wa kumpopi akuti ndimamwa kuyambira kukoleji, n'chifukwa chake anandichotsa. Musawatsutse. Mukawatsutsa ndiye kuti ndavala duku pachabe.

Chawanangwa anamuona kanemayo tsiku lomwelo. Anaimba ndili pamutu pa kasitomala.

"Wapanga chiyani iwe? Ndinakumenyera nkhondo ku komiti."

"Pepa, dokotala."

"Malo aja anali a munthu amene anajambula nyimbo. Wanena wekha pagulu kuti sunajambule. Ndikawauza chiyani?"

"Ukawauze za zokolola."

Anati mwina chaka china. Tonse tikudziwa chaka chimenecho.

Bwalo akuti likhala Lamulungu likudzali. Malume apite nanu, ndipo musalowe m'nyumba Abambo asanakupatseni makiyi m'manja pamaso pa ankhoswe. Osati kuwasiya pawindo. M'manja.

Mwana wanu,
Tione

Turffontein, 4 Meyi 2025

Amayi,

Moni. Ndasangalala kumva kuti mwendo waphwa ndiponso kuti chimanga cha kudimba chachita bwino. Ine ndili momwemo. Mayi wa ku Kongo wandiika pampando wa pafupi ndi khomo, ndiye kuti ndakwera.

Kalata yanu ya masamba awiri ndalandira. Ndamva zonse, kuti makiyi anakupatsani m'manja, kuti Abambo anagawa nawo mgonero pa Pasaka, kuti khitchini munaipeza ili ndi mphemvu. Mwalemba kuti ndine mwana wabwino. Kuno palibe amene wanenapo zimenezo, ndiye ndasunga pepalalo.

Ziwiri simunalembe, wandiuza ndi Laws. Akuti njinga inatuluka m'chipinda sabata yotsatira, Abambo anaigulira matayala atsopano. Akutinso mtondo uja Abambo anauwaza inu musanabwerere, anaphikira madzi osamba, musi anachirikizira mpanda. Ndiye nsinjiro za pabenchi mukusinja kuti? Akuti mumabwereka kamtondo kwa aneba n'kusinjira kwawo, mwakachetechete.

Ndapatsira Abdullah kamakina kogayira mtedza, kogula kwa munthu koma kabwinobwino. Mumathira mtedza theka, kutseka, n'kudina batani lakuda. Musadzaze, kamapsa. Kamagwira magetsi akakhalapo. Kali ndi phokoso, moti kakamalira munthu sungamve ngakhale mawu ako omwe.

Mabuku a m'katoni aja Laws atha kutenga. Ngati sawafuna, mukulungiremo nsinjiro.

Chimbale cha Chawanangwa chinatuluka Loweruka. Ananditumizira chimodzi pasaluni, chopanda kalata. Nyimbo yanu ndi yachinayi, kutsokomola kuja anakusiya. Pa dzina la woimba alemba kuti wosadziwika.

Tione